Tsiku Losudzula Atate

Lifidzi, 14 Maio 2023

Akulu anga aLeonor,

Ndikhulupirira kalata iyi ikupezani muli bwino ku Tete kotenthako. Kuno tonse tilipo, ine, amuna anga aJosias, ana ndi atate. Chisanu chayamba kale, m'mawa madzi a m'ndowa akuluma zala.

Chaka chino Mulungu watikumbukira. Chimanga chadzaza nkhokwe mpaka china tachiika m'matumba kuchipinda kwa ana. Nyemba zachita bwino, koma kachewere wa kudimba ndiye musanene. AJosias akuyenda ngati Lifidzi yense ndi wawo.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Atsibweni aSerafim anaitana mbumba yonse, ndipo tagwirizana kuti chiliza cha amayi chimangidwe mu Julho, mwambo udzachitike Loweruka pa 19 Agosto, chaka chitakwana chimwalirire amayi. Tsiku lomwelo atsibweni adzawasudzula atate monga mwa mwambo, kuti akhale mfulu, maliro asawamangenso. Akuti adzawathokoza pamaso pa anthu chifukwa cha zaka makumi asanu zimene akhala mkamwini m'mudzi muno osakangana ndi munthu. Ine ndinaseka chamumtima. Osakangana ndi munthu, atate? Afunseni aJosias za mizere yokhota.

Mutitumizire chitini cha penti yoyera ya chiliza ndi nsalu zinayi za kapulana zofanana, kuti ana a malemu tidzaoneke. Mupatsire aMartinho oyendetsa chapa, minibasi ija, asiye pa loja, sitolo ya pa msika ku Vila Ulongwe monga mwa masiku onse.

Za atate musade nkhawa. Adekha kwabasi, mwina simungawazindikire. Bondo lija likuwavutabe, ndiye tinawaletsa kupita kumunda, khasu lawo ndinalibisa. Agwira ntchito mokwanira, apume. Khutu lamanzere latsekeratu, lamanja likumva pang'ono, n'chifukwa chake pa telefoni amangoti eya, eya. Ku misa sapitanso, akuti amangoona pakamwa pa ansembe pakugwedera. Amakhala pakhonde kuothera dzuwa. Akudya pang'ono, koma okalamba ndi otero.

Mtima wawo wafewanso. Njinga yawo anapatsa akatekista. Sowo ndi nyundo anapatsa mmisiri amene adzamange chiliza. Anthu onse akuwatama.

Mundipatsire moni apatrowa, abwana anu ku pensawu, nyumba ya alendo ija. Musadzitopetse ndi kusita, mudzafike kuno muli ndi thupi.

Mng'ono wanu,
Emília


Lifidzi, 28 Maio 2023

Mwana wanga Nachisale,

Moni wa Ambuye ukhale nawe. Ine ndilipo. Dzuwa la pakhonde pano ndi labwino, ndipo mapichesi amene ndinamezanitsa ndi mayi ako ayoyola masamba bwinobwino, adzabereka.

Ndamva kwa Emília kuti ukufuna kundigulira kazako, chovala cha chisanu. Usagule, mwanawe. Wakale uja andikwanira masiku amene atsala.

Ndikufuna udziwe pamene pali zinthu, popeza iwe Leonor ndiwe wosunga mawu. Bilyeti langa londizindikiritsa ku boma, chiphaso cha ubatizo ndi cha ukwati zili m'chitini cha buluu pansi pa bedi. Mpeni womezanitsira ndaupaka mafuta, ndaukulunga m'kansalu, uli momwemo. Amene adzaufune atenge.

Pali chinanso. Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, unandipempha kuti ubwerere ku eskola, ine ndinakana, ndinati ulere ang'ono ako. Unalekeza kalasi yachinayi uli ndi mutu wakuthwa kuposa onse. Ndinalakwa. Undikhululukire.

Emília ndi Josias akundisunga ngati dzira. Amandibweretsera madzi osamba, amandiyalira mphasa padzuwa, dzuwa likasuntha amandisuntha. Ndi ana abwino. Koma ali ndi ana awo oti awaganizire, ndipo si bwino munthu kukhala katundu pamutu pa ena nthawi yaitali.

Mayi ako ndimawalota kawirikawiri. Amaoneka bwino, avala duku lawo lobiriwira.

Mu Agosto udzabwere ndithu. Udzawathandize ang'ono ako, iwe ndiwe wamkulu.

Ndine tate wako,
Bonifácio Chisale


Tete, 6 Junho 2023

Mng'ono wanga Emília,

Moni kwa iwe, alamu aJosias ndi ana onse. Ndakondwa kwambiri ndi nkhani ya zokolola. Penti ndagula, kapulana zinayi ndagula za maluwa achikasu, zonse ndapatsira aMartinho pamodzi ndi kalata iyi. Chitini ndachimanga ndi chingwe kawiri kuti chisatayike m'njira.

Tsopano werenga pang'onopang'ono, ndipo usakwiye.

Kalata ya atate ndaiwerenga kanayi. Mnzanga Denise amene timachapa limodzi anandipeza nayo kuseri kwa pensawu, nati, “Iwe Leonor, ngakhale nkhuku ikatsokomola umafuna kuitana ansembe. Bambo ako akupepesa, iwe ukulira chiyani?” Ndinati, “Atate anga sanapepesepo munthu chibadwire changa.”

Mwezi watha, tsiku lokatenga mankhwala anga a tensawu, kuthamanga kwa magazi kuja, anamwino anatikhazika pabenchi ndi kutiphunzitsa za makolo okalamba. Anati si achinyamata okha amene amaganiza zodzipha, okalamba nawonso, koma iwo salankhula. Anati tiziyang'anitsitsa amene waferedwa mkazi kapena mwamuna posachedwa, amene ali ndi ululu wosatha, amene makutu kapena maso amutsekera kunja kwa anthu, amene walandidwa ntchito yake, ndi amene wayamba kunena kuti ndi katundu. Mayi wina anafunsa, “Nanga akangokhala phee, wosangalala?” Anamwino anati, “Akakhala phee mwadzidzidzi n'kumagawa zinthu zake, pamenepo ndiye thamangani.”

Ndinabwera kunyumba osaganizapo kanthu. Koma dzulo ndinaika kalata yako ndi ya atate pamodzi pa tebulo. Amayi anapita. Bondo. Khutu. Ku misa sapita. Khasu unabisa. Sakudya. Njinga, sowo, nyundo, tsopano mpeni womezanitsira umene ife sankatilola ngakhale kuukhudza. Ndipo alemba okha ndi dzanja lawo mawu akuti katundu.

Emília, ine ndikuopa kuti atate akuganiza zochotsa moyo wawo. Ndalemba poyera kuti usati sunamve.

Ndikupempha zinthu zitatu. Mankhwala opopera kachewere achoke pakhomopo, akasungidwe kwina kokhoma. Atate asamakhale okha tsiku lonse inu muli kudimba. Ndipo wina awafunse maso ndi maso, osazungulira. Anamwino anati kufunsa sikuika maganizo m'mutu mwa munthu, kumangotsegula chitseko.

Ndikanakuimbira, koma ndikudziwa kuti redi ya telefoni mumaipeza pachulu cha pafupi ndi mjigo, pamene mudzi wonse umamvera nawo. Undiyankhe ndi chapa yoyamba.

Mkulu wako,
Leonor


Lifidzi, 25 Junho 2023

Akulu,

Moni. Tili bwino tonse, ndi atate omwe, ngati mukufuna kudziwa.

Kalata yanu yafika dzana. Chapa ya aMartinho inafera ku Moatize milungu iwiri, katundu yense ali momwemo. Penti yafika bwino, mfundo zanu tinachita kudula ndi mpeni. Kapulana ndi zokongola, zikomo.

Koma mawu anu andipweteka. Ine ndi amene ndimawatenthetsera madzi m'mawa uliwonse. Ine ndi amene ndimawasisita bondo ndi mafuta. Inu mumabwera kawiri pachaka ndi shuga, n'kumayang'ana ngati m'makona mwasesedwa. Lero mukundilembera mndandanda ngati ndine wantchito wa ku pensawu kwanu.

Kapena nkhani ndi njinga? Ngati mumaifuna inuyo nenani, ndikaitenge kwa akatekista, ngakhale ndi manyazi. Mwawerenga sowo, nyundo, mpeni, palibe chimene mwaiwala. Atate akadali moyo, akulu, zinthu ndi zawo.

Ndipo mawu enawo musawalembenso. Atate ndi mkhristu, anali mkulu wa mpingo zaka zambiri. Kalata yotere ikagwa m'manja mwa munthu, mbumba yonse tidzayenda chowerama. Zimenezo ndi za m'tauni, kumene anthu amakhala okha m'nyumba za lendi. Kuno munthu angakhale yekha bwanji? Pakhomo pano pamadutsa anthu tsiku lonse, aliyense amawapatsa moni.

Dzulo lomwe anapita okha kumanda kukaona mmene mmisiri wayambira maziko, anabwerako akumwetulira. Anandifunsa kuti kwatsala masiku angati kuti ifike 19 Agosto, ndinawawerengera, anati zikomo mayi. Munthu wodikira chikondwerero chotero ndiye mukumunenera zoopsa?

Imwani mankhwala anu a tensawu, mugone. Chimera cha thobwa taviika kale, kwaya ikuphunzira nyimbo zitatu zatsopano. Mudzaona nokha.

Emília


Tete, 2 Julho 2023

Atate anga okondedwa,

Moni atate. Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda. Kalata iyi ndaimata ndi kulemba dzina lanu lokha pamwamba, ndipo ndalemba zilembo zazikulu kuti musavutike kupempha wina.

Za eskola ndinakukhululukirani kalekale. Kalasi yachinayi yomweyo ndi imene ikundithandiza kukulemberani lero.

Atate, munandiphunzitsa kuti funso lolunjika si chipongwe. Ndiye ndikufunsani molunjika. Kodi mukuganiza zodzipha?

Ngati yankho ndi ayi, mundikalipire, ndilandira ndi manja awiri. Ngati ndi inde, sindidzakuweruzani, sindidzakuwa, sindidzauza mudzi. Ndingofuna kudziwa chimene chikukupwetekani, chifukwa ndikuona kuti si bondo lokha. Emília akuti mukuwerenga masiku a 19 Agosto. Tsiku limenelo lili ndi chiyani kwa inu?

Ngati kundilembera ine n'kovuta, uzani munthu mmodzi amene mwamusankha nokha, lero lomwe mwalandira kalatayi. Aliyense. Koma musakhale nazo nokha.

Simuli katundu. Ine kuno ndikamasita malaya a alendo ndimalankhula nanu mumtima tsiku lonse, ndimakufunsani nzeru, nthawi zina timakangana. Mukachoka ndidzatsala ndi yani?

Mwana wanu,
Nachisale


Tete, 16 Julho 2023

Emília,

Moni nonse. Njinga sindikuifuna, sindidziwa n'kupalasa komwe. Ndikudziwa kuti iwe ndi amene wasenza atate, ndipo sindinakuthokoze mokwanira. Pepa.

Milungu iwiri yatha chiwalembere atate, yankho palibe. Ndapita pa siteji ya chapa kasanu, aMartinho akangondiona akumatambasula manja. Telefoni yako sikulowa. Ndapempha apatrowa kuti ndibwere tsopano, akana, akuti alendo a msonkhano adzaza zipinda zonse, andimasula pa 16 Agosto. Ngati Lachisanu likudzali sindimva kanthu ndikwera basi, ntchito ithe ngati ikutha.

Leonor


Lifidzi, 19 Julho 2023

Alamu aLeonor,

Moni alamu. Ndine Josias. Musadabwe ndi zilembo zangazi, dzanja langa linazolowera chikwapu cha ng'ombe. Choyamba, apongozi ali moyo, adya, pano akusankha mbewu ya kachewere pabwalo. Musasiye ntchito. Tsopano khalani pansi.

Kalata yanu anailandira, nakhala nayo m'thumba masiku asanu ndi limodzi. Lachitatu lapitalo ndili kudimba cha m'ma 10 koloko, ndinangoona munthu akutsetsereka ndi ndodo pang'onopang'ono. Ndinati lero ndiye ndalakwanso chiyani. Anafika, nakhala pa ngolo, nandipatsa kalatayo.

Nditawerenga ndinasowa poyang'ana. Ndinafunsa, “Apongozi, yankho lake n'chiyani?” Sanamve. Kukuwa sindikanatha, madimba oyandikana anali ndi anthu. Ndiye ndinakwera pa ngolo ndi kukhala nawo phewa ndi phewa, kukamwa kwanga pa khutu lawo lamanja. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu m'mudzi muno, sindinawayandikirepo chotero.

Anati, “Yankho ndi inde.”

Ndinati, “Bwanji mwasankha ine? Si inu mumati ndimalima ngati nkhanu?”

Anati, “Umalimadi ngati nkhanu. Koma ndiwe mkamwini. Enawa ndi eni mudzi, sangamve.”

Kenaka anafotokoza. Anati mpaka pa 19 Agosto iwo ndi mwamuna wa aNambewe, apongozi anga aakazi. Akafa tsikulo lisanafike, palibe amene angawanyamule kupita nawo kwina, adzagona pano pafupi ndi akazi awo. Koma akangosudzulidwa ukwati watha, ndi mlendo. “Mlendo amapita kwawo. Kwathu n'kuti, Josias? Mudzi wathu unapsa pa nkhondo, pano pamera bulugamu. Abale anga anatsalira ku Malawi, watsala ndi mphwanga mmodzi ku Lizulu amene ndamuona kawiri.” Anandikumbutsa za aLuís a kutsidya kwa mtsinje, amene atasudzulidwa anawakweza pa ngolo ndi mphasa yawo kupita kwa adzukulu osawadziwa. Sanathe miyezi itatu ali moyo.

Ndinati, “Koma palibe amene wanena kuti muchoke.”

Anati, “Palibenso amene wanena kuti ndikhale.”

Alamu, nanenso ndine mkamwini, tsiku lina ndidzakhala pa ngolo yomweyo.

Zimene tachita ndi izi. Mankhwala onse opopera ndinakasiya kwa mkulu wanga tsiku lomwelo. Emília ndinamuuza. Analira mpaka kutupa maso, kenaka anakatulutsa khasu lija kudenga kwa khola kumene analibisa. Lachisanu tinapita nawo kuchipatala ku Vila. Anawatsuka makutu, lamanja latseguka ndithu, moti tsopano tizinena miseche mosamala. Wa kuchipatala mmodzi anacheza nawo paokha nthawi yaitali, anawapatsa mankhwala, ndipo akuti tizipita nawo milungu iwiri iliyonse. Kudimba timapita nawo pa ngolo, sakhalanso okha pakhonde. Telefoni ya Emília inagwera m'chitsime, n'chifukwa chake simumatipeza.

Chatsala ndi atsibweni aSerafim. Apongozi andilola kuti ndikawauze iwo okha. Maganizo anga ndi akuti atsibweni awalonjeze poyera malo kumanda, pambali pa aNambewe. Mukuti bwanji?

Mlamu wanu,
Josias


Tete, 23 Julho 2023

Alamu aJosias ndi Emília,

Moni. Kalata yanu ndaiwerengera pa siteji pomwepo. Alamu, Mulungu akudalitseni. Sindidzasekanso mizere yanu.

Zonse mwachita bwino. Mankhwala a kuchipatala asunge Emília, aziwapatsa a tsiku limodzi limodzi, osati botolo lonse. Masiku obwerera kuchipatala mulembe pa kalendala ya parokia ili pakhoma ija.

Koma za malo a kumanda ndakana. Mwaganiza bwino? Munthu akuti akufuna kufa kuti akagone pafupi ndi akazi ake, inu n'kumutengera komweko kukamuonetsa pogona pake? Kuli ngati kumuyalira mphasa munthu wa tulo. Atsibweni angowauza kuti akhale m'mudzi, basi. Za manda zisatchulidwe n'komwe mpaka atachira.

Mwina ndikulakwa, ine ndimaopa zambiri. Koma pa njinga paja sindinalakwe. Chonde musachite kanthu ndisanafike.

Leonor


Lifidzi, 6 Agosto 2023

Akulu anga aLeonor,

Moni akulu. Tonse tili bwino. Ndisanayambe china chilichonse, mundikhululukire mawu anga aja. Ine ndimaona atate tsiku lililonse koma sindinawaone, inu muli kutali munawaona. Ndipo ine ndi amene ndimawawerengera masiku ndi pakamwa pangapa.

Sitinathe kukudikirani, musakwiye. AJosias atawauza atsibweni, iwo anabwera m'mawa mwake ndi chipewa chawo cha misa, nakhala pansi pa mpichesi ndi atate. Tinalipo anayi okha.

Atsibweni anayamba ndi kukalipa. “Bonifácio, ndiwe chitsiru cha munthu wamkulu. Ine ndi iwe tinawoloka malire usiku umodzi titasenza ana omwewa, tinadya nandolo wa ku kampu mbale imodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Lero ukuti ndingakukweze pa ngolo?”

Atate anati, “Luís anamukweza anthu amene anadya naye.”

Atsibweni anatembenuza chipewa m'manja. Kenaka anati, “Ife timati tikukulemekeza. Ndimakonza mawu okuthokoza mwezi wathunthu, osadziwa kuti ndikunola mpeni.”

Anati mwambo sangauphwanye, kusudzula kuchitika, apo ayi anthu adzati mbumba yathu yamumangirira munthu. Koma akadzangomaliza, asanakhale pansi, adzalengeza kuti aChisale si mkamwininso, ndi mbale wa m'mudzi muno, nyumba ndi yawo, mipichesi ndi yawo, ndi mizere khumi ya kudimba. Ndipo anati akufuna kupita nawo kumanda tsiku lomwelo kukawaonetsa malo.

Apa ine ndinatulutsa kalata yanu, ndinati akulu akana. AJosias anati, “Tonse takhala tikuwaganizira apongozi osawafunsa. Wina kubisa khasu, wina kukonza mwambo. Tiwafunse eni ake.” Ndiye ndinawawerengera atate kalata yonse kukhutu lamanja. Nditafika pa mphasa ya munthu wa tulo anaseka, akulu, kuseka kwenikweni kotulutsa misozi. Anati, “Nachisale akanaphunzira akanakhala loya. Funso lake ndi labwino, ndidzamuyankha ndekha. Koma malowo ndikufuna ndiwaone.”

Anapita awiri ndi atsibweni, aJosias akuwatsatira chapatali. Akuti atsibweni anayeza ndi mapazi kumanja kwa chiliza cha amayi, nazika mwala. Pobwera anali kukangana za chaka chimene kunagwa matalala aakulu, wina akuti 1978, wina akuti 1979.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Masiku ena atate amadzuka olemedwa, salankhula mpaka masana. Koma akudya, ndipo kuchipatala tapitanso kachiwiri. Chiliza chauma, penti yanu yakwanira ndi kutsalako. Bwerani ndi juzi, kuno kukuzizira.

Mng'ono wanu,
Emília


Lifidzi, 10 Setembro 2023

Mwana wanga Nachisale,

Moni wa Ambuye ukhale nawe. Ndamva kuti unafika bwino ku Tete. Kuno tilipo. Mphepo ya Agosto yatha, mapichesi achita maluwa mpaka njuchi zikusokosa, ndipo ndikuzimva.

Uli kuno sitinapeze mpata. Anthu anali ambiri, ndipo iwe ukapanda kukhala ku mapoto unali kumbuyo kwanga ngati mthunzi. Ndimakuona. Ngakhale popita kuseri kwa nyumba ndimamva mapazi ako. Sindikudandaula.

Mwambo unauona wekha. Serafim analankhula motalika kwambiri, thobwa mpaka linazizira, koma mawu amene ndimafuna anawanena, ndipo anthu anawomba m'manja. Pamene anati “mbale wathu” ndinayang'ana pansi kuti ana asaone nkhope yanga.

Tsopano ndiyankhe funso lako, chifukwa ndinalonjeza.

Unaopa kuti ndikaona malo ndidzafulumira. Zikanakhala mu Junho, ukanakhala wolondola. Nthawi imeneyo ndinali ngati munthu wa pa siteji amene wamva kuti chapa yatsala imodzi yokha, ikachoka palibenso ina. Munthu wotero saganiza bwino, amangoti ndikwere, ngakhale wasiya katundu pansi, ngakhale ana akumuitana. Sindinkafuna imfa kwenikweni, mwanawe. Ndinkaopa kutsala panja.

Sindikubisira, maganizo aja amabwerabe. Sabwera tsiku lililonse ngati kale, ndipo sakhalitsa. Akabwera ndimamuuza Josias kuti lero kwachita mitambo, iye amadziwa, amandikweza pa ngolo tikagwire ntchito, kapena timangokhala. Wa kuchipatala uja ndi mwana wamng'ono koma amadziwa kumvetsera, ndipitanso Lachisanu. Mayi ako ndimawasowa m'mawa uliwonse, zimenezo palibe mankhwala ake, ndipo sindikufuna atapezeka.

Lamulungu lapitali ndinapita ku misa, ndinakhala kutsogolo kumanzere kuti khutu labwino liloze kuguwa. Potuluka ndinadzera kumanda ndi Serafim. Mwala uja ulipo, udzu wayamba kumera m'mbali mwake. Malowo ndi abwino, ndi okwera, madzi sadikha. Serafim akuti akayamba ndi iye kupita, ndisalole munthu kuusuntha, ndipo ndamulonjeza kuti ndidzaulondera.

Ndiye usadere nkhawa za mphasa yako ija. Yayalidwa, ndaiona, ndi yanga, palibe adzandilande. Chifukwa cha chimenecho ndikhoza kukhala nanu pabwalo mpaka Mwini moyo adzandiitane yekha. Sindikufulumira.

Ndine tate wako,
Bonifácio Chisale